Kusintha Ndalama pa Malonda a pa Boda ya Mchinji: Ufulu Wanu ndi Udindo Wanu

M'mawa uliwonse pa boda ya Mchinji ndi Mwami pamadutsa anthu a malonda amitundumitundu. Pali amayi a geni ochokera ku Kamwendo, ku Kapiri ngakhalenso ku Lilongwe, amene akupita ku Chipata kukaoda zitenje, sopo ndi zakumwa. Pali madalaivala a mathiraki a simenti, komanso anzathu a ku Zambia odzasaka mtedza ndi soya m'midzi ya kwa Mkanda ndi kwa Mavwere. Onsewa asanagule kapena kugulitsa kanthu amayamba asintha ndalama, ndipo nthawi zambiri phindu la ulendo wonse limapezeka kapena kutayika pomwepo, katundu asanakwere n'komwe galimoto.

Mu Disembala 2022, Pulezidenti Lazarus Chakwera ndi Pulezidenti Hakainde Hichilema anatsegulira nyumba zatsopano za pa bodayi, ndipo kuyambira pamenepo woyenda amaima malo amodzi m'malo mwa awiri. Ntchito ya mapepala inapepukako, koma ndalama zikadali ziwiri, dziko lililonse ndi malamulo ake. Wodziwa malamulowo ndi kusunga mapepala ake amayenda mtima uli m'malo. Wosawadziwa amatha kutaya mpamba wonse tsiku limodzi, mwina osalakwa dala.

Kusintha ndalama n'kutani?

Dziko lililonse lili ndi ndalama imene lamulo limaivomereza m'dzikomo. Yathu ndi kwacha ya Malawi, yomwe inalowa m'malo mwa paundi mu 1971. Ya ku Zambia nayo ndi kwacha, yomwe inayamba mu 1968, koma mphamvu za ndalama ziwirizi n'zosiyana kutalitali, ndipo mwini sitolo ku Chipata sakakamizidwa kulandira yathu. Chimodzimodzinso wa ku Johannesburg afuna randi, wa ku Dar es Salaam afuna shilingi.

Choncho kusintha ndalama ndi malonda ndithu: mukugulitsa ndalama yanu kuti mugule ya dziko lina. Ndalama yogulidwayo ili ndi mtengo wake, ndipo mtengowo umayenda ngati wa chimanga. Nthawi yokolola chikachuluka chimatsika, pofika Febuluwale nkhokwe zitauma chimakwera. Ofuna dola akachuluka koma dola ili yochepa, mtengo wake umakwera, ndipo timati kwacha yagwa mphamvu.

Dola ya ku America ndiyo ili pakatikati pa malonda a mayiko ambiri. Mafuta a galimoto, feteleza ndi mankhwala a m'zipatala timagula ndi madola. Fodya wa alimi a ku Mchinji akafika ku okushoni ya ku Kanengo amagulitsidwanso m'madola. N'chifukwa chake ngakhale mtengo wa kwacha ya ku Zambia pa boda umatsata dola. Tiyerekeze kuti dola imodzi ikugulidwa K1,750 kuno, ndipo ku Zambia ikugulidwa makwacha 25 a kumeneko. Mukagawa 1,750 ndi 25 mupeza 70, kusonyeza kuti kwacha imodzi ya ku Zambia ikufanana ndi K70 yathu. Masamu amenewa ndi oyenera kuwadziwa aliyense wa geni, chifukwa ndiwo poyambira pofuna kuona ngati mtengo umene akukuuzani uli woona.

Mitengo iwiri pa bolodi limodzi

Mukalowa m'banki kapena mu bureau muona mitengo iwiri pa ndalama iliyonse. Wotsikawo ndi umene iwo amagulira kwa inu, wokwerawo ndi umene amakugulitsirani. Mpata wa pakatipo ndiye phindu lawo, ndipo lamulo limalola zimenezo.

Tiyerekezenso kuti akugula pa K70 n'kumagulitsa pa K75. Mayi amene akufuna makwacha 10,000 a ku Zambia apereka K750,000. Akabwerako ku Chipata atatsala ndi makwacha 1,000, pobweza alandira K70,000, pamene iye anawagula K75,000. Wataya K5,000 osagula kanthu. Phunziro lake ndi lakuti musinthe ndalama zokhazo zimene mukagwiritse ntchito, ndipo musanapereke ndalama zanu funsani momveka: mukugula pa zingati, mukugulitsa pa zingati, ndipo pali china chodula pamwamba pake?

Mtengowu umathanso kusintha usiku umodzi. Mu Meyi 2012 kwacha inachepetsedwa mphamvu, dola n'kuchoka pa K168 kufika pa K250. Mu Meyi 2022 inachepetsedwanso ndi 25 peresenti. Mu Novembala 2023 dola inachoka pafupifupi pa K1,180 kufika pa K1,700. Amene anatenga katundu wa pangongole wa madola 1,000 zimenezi zisanachitike ankayembekeza kubweza K1,180,000, koma kutacha anafunika K1,700,000. Katundu ndi yemweyo, ngongole yakwera ndi K520,000. Mukamagwirizana za ngongole ndi wamalonda wakunja, lembani pa pepala kuti mudzabweza m'ndalama yanji, liti, ndipo pa mtengo wa tsiku liti.

N'chifukwa chiyani boma limalowererapo?

Ena amafunsa kuti, ndalama ndi zanga, ndazipeza ndi thukuta langa, boma likufunapo chiyani? Yankho lili pa kaundula wa malonda a dziko lathu. Pa chaka Malawi amagulitsa kunja katundu wa madola pafupifupi 1 biliyoni, makamaka fodya, tiyi, shuga ndi mbewu za mtundu wa nyemba, pamene amagula wa madola pafupifupi 3 biliyoni. Ndalama zakunja zolowa n'zochepa poyerekeza ndi zimene zikufunika. Zochepazo zikamatulukira m'njira zamseri, pa filing'i sitesheni pamakhala mizere, feteleza amachedwa, m'zipatala mankhwala amasowa.

Ndiye chifukwa chake lamulo linapereka udindo woyang'anira ndalama zakunja kwa banki yaikulu ya dziko lino, Reserve Bank of Malawi, imene inayamba ntchito mu 1965. Iyo ndiyo imapereka ziphaso kwa osintha ndalama ndi kulengeza malire a ndalama zimene munthu angagule kapena kunyamula. Pa boda, amene amaonetsetsa kuti malamulowa akutsatidwa ndi a Malawi Revenue Authority, omwe timangoti a MRA, mothandizana ndi apolisi ndi a zolowa ndi kutuluka m'dziko. Bungwe la Financial Intelligence Authority limalondola ndalama zoyenda mokayikitsa.

Zimene lamulo likufuna kwa inu

Choyamba, ndalama zakunja zimagulidwa ndi kugulitsidwa kwa okhawo amene ali ndi chiphaso cha Reserve Bank, omwe ndi mabanki monga National Bank, Standard Bank, NBS, FDH ndi First Capital, komanso ma bureau ovomerezeka. Chiphasocho chimayenera kuoneka poyera, ndipo n'zololedwa kupempha kuti muchione. Kusintha ndalama ndi munthu wopanda chiphaso ndi mlandu kwa onse awiri, wogulitsa ndi wogula yemwe.

Chachiwiri, pogula ndalama zakunja mudzafunsidwa chitupa cha unzika kapena pasipoti, komanso umboni wa chimene mukufunira ndalamazo, monga tikiti ya ulendo kapena invoisi ya katundu. Si chipongwe ayi, banki nayo imakayankha kwa Reserve Bank. Mukamaliza tengani risiti yokhala ndi dzina lanu, tsiku, mtengo ndi kuchuluka kwa ndalama.

Chachitatu, pali malire pa ndalama zimene munthu angatuluke nazo m'thumba, zakunja ngakhalenso kwacha yathu. Zikapitirira malirewo muyenera kuzilengeza pa boda ndi kusonyeza komwe munazitenga. Reserve Bank imasintha malirewa nthawi ndi nthawi, choncho funsani ku banki kapena ku ofesi ya MRA musananyamuke, osadalira zimene munamva chaka chatha. Ku mbali ya Zambia, a Zambia Revenue Authority amafuna kuti mulengeze ndalama zoposa madola 5,000. Kulengeza ndalama zokhala ndi mapepala ake sikuzilanditsa. Chimene chimalanditsa ndi kubisa m'masokosi, m'chitenje kapena pansi pa mpando wa galimoto.

Chachinayi, mkati mwa Malawi malonda amachitika m'makwacha a Malawi. Mwini nyumba pa boma la Mchinji sayenera kukukakamizani kulipira lendi m'madola, ndipo mwini golosale sayenera kufuna ndalama ya ku Zambia kuti akugulitseni shuga.

Chachisanu, wogulitsa katundu kunja ayenera kubweretsa ndalama zake m'dziko muno kudzera ku banki, mkati mwa nthawi yoikika. Nayenso wogula ndalama zakunja pofuna kuitanitsa katundu ayenera kudzasonyeza kuti katunduyo analowadi.

Wophwanya malamulowa akapezeka wolakwa ku khoti angathe kulandidwa ndalamazo, kulipitsidwa chindapusa kapena kupita kundende.

Mayi wa geni yaing'ono

Taganizirani mayi wa ku Kamwendo amene amapita ku Chipata kawiri pa mwezi. Iyeyu ali ndi mwayi umene ambiri saudziwa. Malawi ndi Zambia onse ali m'bungwe la COMESA, lomwe linakhazikitsidwa pa msonkhano wa ku Lilongwe mu Disembala 1994 ndipo likulu lake lili ku Lusaka. Kuyambira mu 2010, mayiko awiriwa akhala akugwiritsa ntchito ndondomeko yopepukitsira malonda ang'onoang'ono yomwe a pa boda amaitchula kuti STR.

Mfundo zake ndi zitatu. Katundu asapitirire mtengo woikika pa ulendo umodzi. Akhale wolimidwa kapena kupangidwa ku Zambia kapena ku Malawi. Akhalenso pa mndandanda umene mayiko awiriwa anagwirizana. Zitatuzi zikakwanira, mayiyu salipira msonkho wolowetsera katundu, ndipo amadzaza fomu yaifupi popanda kulemba ntchito ejenti. Pa boda pali ofesala wa desiki yothandiza amalonda amene ntchito yake ndi kusonyeza mndandandawo ndi kuthandiza kudzaza mafomu. Bungwe la Cross Border Traders Association of Malawi limathandizanso mamembala ake pa zomwezi.

Pali malo awiri pamene anthu amapunthwa. Poyamba, amaganiza kuti STR imachotsa misonkho yonse, chonsecho VAT ndi misonkho ina ya m'dziko imalipidwabe. Kachiwiri, amaganiza kuti chilichonse chogulidwa ku Chipata n'cha ku Zambia. Nsapato zochokera ku China kapena kaunjika wochokera ku Ulaya, ngakhale mwamugula pa msika wa ku Chipata, salowa m'ndondomekoyi.

Nkhani ya kusintha ndalama imabweranso apa. A MRA powerengera msonkho amatembenuza mtengo wa katundu wanu kukhala makwacha a Malawi potsata mtengo wovomerezeka, osati umene munagwirizana ndi munthu wa pamsewu. Mwachitsanzo, pa mtengo wa K1,750, katundu wa madola 2,000 ndi wa K3,500,000. Sungani marisiti a m'masitolo amene mwagulamo. Popanda iwo ofesala ali ndi mphamvu yoyerekeza yekha mtengo wa katunduyo, ndipo mulibe chomutsutsira.

Mlimi amene wafikiridwa ndi wogula wakunja

M'midzi ya m'mbali mwa malire, monga kwa Mlonyeni, kwa Zulu ndi kwa Mkanda, anthu ndi amodzi, maukwati ndi maliro amayendera mbali zonse. N'zosadabwitsa kuti nthawi yokolola kumabwera ogula onyamula ndalama ya ku Zambia. Mmodzi akhoza kunena kuti thumba la soya apereka makwacha 400, ndipo mlimi n'kumva ngati zochepa kapena zambiri malinga ndi zimene wauzidwa. Pa K70 ndi K28,000, pa K60 ndi K24,000. Wogulayo akakhala yemweyo wokuuzani mtengo wosinthira, ndiye kuti sikelo ndi yake, masamu ndi akenso.

Mlimi ali ndi ufulu wonena kuti alipidwe m'makwacha a Malawi, ndipo ndizo zimene lamulo likufuna pa malonda ochitikira kuno. Kuwonjezera apo, mbewu zina sizituluka m'dziko popanda chilolezo cha Unduna wa Zamalonda. Chimanga ndicho chimaletsedwa kawirikawiri, ndipo mbewu zina zimaikidwa pa mndandandawo malinga ndi mmene zokolola zakhalira. Pamafunikanso chikalata cha a zaulimi chotsimikiza kuti mbewuzo zilibe matenda. Wonyamula matumba usiku pa njinga kudzera njira zamadulira akagwidwa amataya mbewu, njinga ndi ndalama zomwe. Kugulitsa kudzera m'kalabu kapena kopaletivi kumathandiza chifukwa katundu amachuluka, chilolezo chimakhala chimodzi, ndipo ndalama zimalowa mu akaunti.

Wotumiza kapena kuitanitsa katundu wambiri

Kampani kapena kopaletivi imene ikutumiza thiraki la mtedza ku Lusaka kapena ku Harare imayamba ku banki yake kukadzaza fomu yotchedwa CD1. Fomuyi imanena katundu, mtengo wake ndi amene akugula, ndipo a MRA amaiona katundu akamatuluka. Ndi lonjezo lakuti ndalama za katunduyo zibwera kuno. Zikafika, gawo lina limagulitsidwa ku banki pa mtengo wovomerezeka. Mu 2021 Reserve Bank inaika gawoli pa 30 peresenti, ndipo limaunikidwanso nthawi ndi nthawi. Zotsalazo mwini wake akhoza kuzisunga mu akaunti ya ndalama zakunja kuti adzagulire zipangizo. Kulemba mtengo wochepa pa fomu kuti zina zitsalire kunja ndi mlandu waukulu wozembetsa ndalama.

Woitanitsa katundu naye amapita ku banki ndi invoisi, nambala yake ya msonkho ndi chilolezo ngati katunduyo amafuna chilolezo. Banki imatumiza ndalama mwachindunji kwa wogulitsayo. Katundu akalowa, mapepala a MRA amabwerera ku banki kukatseka nkhaniyo. Njira imeneyi ili ndi ubwino wina: wogulitsa akakana kuti sanalandire ndalama, umboni ulipo.

Ndalama za abale a ku Joni

Mabanja ambiri m'boma la Mchinji ali ndi mwana kapena bambo ku South Africa. Ndalama zotumizidwa kudzera ku Mukuru, Western Union, MoneyGram, m'mabanki kapena zofikira pa Airtel Money ndi TNM Mpamba zili m'njira yovomerezeka, ndipo zikasokonekera pali nambala yolondolera.

Koma pali njira ina imene yafala. Wa ku Joni amapereka marandi kwa wamalonda amene wapita kukaoda katundu kumeneko, ndipo mnzake wa wamalondayo amapereka makwacha kwa abale kuno. Banja limalandira zochulukirapo, n'zoona, koma marandi aja salowa m'dziko, ndipo wochita ntchito yotumiza ndalama popanda chiphaso akuphwanya lamulo. Tsiku limene munthuyo adzazimitse foni, wotumiza sadzakhala ndi poyambira.

Banki ikati ndalama zakunja palibe

Apa ndi pamene pagona vuto lenileni, ndipo palibe chifukwa cholibisa. Kwa zaka zingapo tsopano mabanki akhala akusowa ndalama zakunja, moti wamalonda amatha kudikira masabata osathandizidwa. Kumayambiriro kwa 2025 dola pa msika wamseri inapitirira K4,000 pamene ku banki inali pafupifupi K1,750, ndipo ogulitsa kaunjika ku Lilongwe anachita zionetsero podandaula kukwera kwa mitengo ya mabelo. Mlimi wa fodya amene madola ake amasinthidwa pa mtengo wa ku banki koma feteleza n'kumugula pa mtengo wotsata wa pamsewu ali ndi dandaulo lomveka. Ndi ufulu wa nzika kulankhula za zimenezi kwa phungu, ku mabungwe a alimi ndi a amalonda.

Komabe kusowa kwa ndalama ku banki sikusandutsa msika wamseri kukhala wololedwa. Anyamata oima ndi mitolo ya ndalama pafupi ndi boda kapena pa depoti sapereka risiti. Mungalandire ndalama zachinyengo, mungapatsidwe mtolo woperewera pakati, kapena kulondoledwa ndi akuba amene aona pamene mwasunga. Zikatero simungapite ku polisi popanda kudziulula nokha kuti munachita nawo malonda oletsedwa. Ngakhale zonse zitayenda bwino, mukafika pa boda ndi ndalama zambiri zopanda pepala, mudzalephera kuyankha funso limodzi lokha lakuti munazitenga kuti.

Chinyengo chimakula ndalama zikasintha maonekedwe. Mu Januwale 2013 Zambia inachotsa maziro atatu pa ndalama yake, moti makwacha 1,000 akale anasanduka kwacha imodzi. Mu Malichi 2025 Bank of Zambia inatulutsanso ndalama zatsopano, kuphatikizapo za 200 ndi 500. Wosazizolowera akhoza kupatsidwa zakale zimene zinasiya kugwira ntchito, kapena zosindikiza pa kompyuta.

Nanga mungatani? Pemphani ndalama ku banki nthawi ikadalipo, musadikire tsiku la ulendo. Funsani m'mabanki ndi ma bureau angapo, chifukwa sasowa tsiku limodzi onse. Funsani ngati banki ingalipire wogulitsa wanu mwachindunji, kapena ngati khadi lanu lingagwire ntchito ku Zambia ndipo mpaka ndalama zingati. Amalonda angapo akhoza kuphatikiza maoda awo kudzera m'bungwe lawo. Amene amagulitsanso katundu wa kuno ku Zambia m'njira yovomerezeka amapeza ndalama ya kumeneko yokagulira katundu wobwera naye. Mu Okutobala 2025 bungwe la COMESA linayamba kuyesa, pakati pa Malawi ndi Zambia, njira yolipirana pa foni ndi pa intaneti m'makwacha a mayiko awiriwa popanda kudzera pa dola. Ndi bwino kufunsa ku banki yanu kapena kwa kampani yanu ya foni ngati ntchitoyi yafika kwa inu.

Ufulu wanu pa boda

Boda ya Mchinji ndi Mwami ndi imene panayesedwa koyamba chikalata cha mgwirizano wa khalidwe pakati pa amalonda ndi ogwira ntchito za boma a Malawi ndi Zambia. Mfundo zake ndi zomwe munthu aliyense ayenera kuyembekeza. Ofesala azidziwika ndi yunifolomu kapena chitupa cha ntchito. Misonkho ndi zolipira zonse zikhale zolembedwa poyera. Ndalama iliyonse imene mwalipira ikhale ndi risiti ya boma. Palibe amene ayenera kutukwanidwa, kumenyedwa kapena kufunsidwa chiwerewere kuti katundu wake adutse. Mayi akafunika kusechedwa m'thupi, amuseche mayi mnzake, pamalo obisika.

Ofesala ali ndi mphamvu yokufunsani ndalama zimene mwanyamula ndi kuziwerenga. Yankhani zoona. Akaganiza zogwira ndalamazo, ziwerengedwe inu mukuona, ndipo akupatseni chikalata chosonyeza kuchuluka kwake, mtundu wake, tsiku, dzina la ofesala ndi chifukwa chake. Musachoke popanda chikalatacho. Ndalama zogwidwa si za ofesala, zimakhala umboni mpaka nkhani itaweruzidwa motsata lamulo.

Mukamangidwa, malamulo aakulu a dziko lino amakupatsani ufulu wouzidwa chifukwa chake m'chilankhulo chimene mukumva, wokhala chete, wolankhula ndi loya, komanso wofikitsidwa ku khoti pasanathe maola 48. Musasaine pepala limene simunaliwerenge kapena kuwerengeredwa. Belo ya ku polisi ndi yaulere. Ngati mulibe ndalama ya loya, bungwe la Legal Aid Bureau linakhazikitsidwira anthu otere.

Kupereka kangachepe kuti nkhani ithere pomwepo kumaoneka kophweka, koma wopereka ziphuphu ndi wolandira onse ali pa mlandu, ndipo amene wakudyerani lero adzakudikiraninso ulendo wotsatira.

Kokadandaula

Vuto likakhala ndi banki kapena bureau, monga kukudulani ndalama zimene sanakuuzeni kapena kukumanani risiti, yambani mwalembera mkulu wa nthambiyo n'kusunga kope la kalatayo. Akapanda kukuthandizani, pitani nayo ku Reserve Bank, yomwe ili ndi maofesi ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Mzuzu ndipo imalandira madandaulo a makasitomala. Mukaona kuti msonkho wawerengedwa molakwika, pemphani kuonana ndi mkulu wa MRA pa bodapo, ndipo muli ndi ufulu wochita apilo ku likulu lawo. Za ziphuphu zimapita ku Anti-Corruption Bureau. Kuchedwetsedwa dala kapena kuchitiridwa nkhanza ndi ofesi ya boma kumapita kwa Ombudsman, pamene madandaulo okhudza apolisi amalandiridwa ndi Independent Complaints Commission. Kulikonse kumene mungapite, adzakufunsani tsiku, malo, dzina kapena nambala ya ofesala ndi mapepala amene muli nawo, choncho lembani zimenezi nkhani ikadali yaiwisi.

Musananyamuke

Dziwani mtengo wa tsikulo kuchokera ku banki, pa wailesi kapena m'nyuzipepala, ndipo muchite masamu anu muli kunyumba. Powerengera phindu phatikizani zonse: mpata wa pakati pa mitengo iwiri ija, msonkho, thiransipoti ndi malo ogona. Katundu wooneka wotchipa ku Chipata amatha kufika ku Kamwendo ali wodula kuposa wa ku Lilongwe. Funsani malire a ndalama zonyamula ndiponso ngati katundu wanu ali pa mndandanda wa STR kapena amafuna chilolezo. Ikani pamodzi pasipoti kapena chiphaso cha pa boda, risiti ya ku banki ndi marisiti a katundu, ndipo muwajambule pa foni kuti akasowa mukhale ndi chosonyeza.

Udindo wa boma ndi kuonetsetsa kuti ndalama zakunja zikupezeka m'njira zovomerezeka ndi kuti ogwira ntchito pa boda akulemekeza anthu. Udindo wa nzika ndi kusintha ndalama kwa ovomerezeka, kulengeza zimene yanyamula ndi kulipira msonkho woyenera. Amene wachita mbali yake ndipo mapepala ali m'manja ndi amene angaime pamaso pa ofesala, pa banki kapena pa khoti n'kufunsa kuti boma nalo lichite mbali yake.